Tafunsani a Zaumoyo: mawu oti prophylaxis ndi katemera anachokera kuti?

Makalata amene tasankha mwezi uno onse achokera kunyanja, ku Salima ndi ku Nkhotakota, ndipo akuzungulira pa nkhani imodzi, ya mankhwala amene munthu amapatsidwa asanadwale. Akuyankha ndi madokotala ndi anamwino amene amathandiza tsamba lino.

FUNSO: M'kabuku ka kuchipatala ka mlongo wanga analembamo mawu oti "prophylaxis" pafupi ndi dzina la mankhwala amene amamwa tsiku lililonse, bakitirimu. Iyeyo sakudwala, akulima bwinobwino. Kodi limeneli ndi dzina la matenda amene akutibisira? Nanga mawuwa anachokera kuti, poti ngakhale kamvekedwe kake sikachingerezi?
Mphunzitsi, Khombedza, Salima

YANKHO: Mtima pansi aphunzitsi, si dzina la matenda. Ndipo khutu lanu silinakunamizeni, Angerezi nawonso mawuwa anachita kubwereka kwa Agiriki. Ali ndi zigawo ziwiri. Pro ndiye kuti patsogolo, kapena nthawi isanakwane. Phylax ndi mlonda, ndipo kulondera ankati phylassein. Mukawalumikiza mukupeza tanthauzo loti kuika mlonda pakhomo mbala isanabwere. Zilembo za ph zimamveka ngati f, choncho potchula timati profilakisisi. Agiriki omwewo chithumwa ankachitcha phylakterion, kuchokera pa tsinde lomweli. Zikuonetsa kuti mtima wofuna kudzitchinjiriza zoipa zisanafike sunayambe ndi chipatala. Chimene chipatala chinawonjezera ndi muyeso, ndiponso kuyesa kaye ngati chinthucho chikugwiradi ntchito.

M'Chichewa tili ndi kupewa, kuteteza ndi kutchinjiriza, ndipo mawuwa salingana ndendende. Kupewa ndi kulambalala, monga amachitira munthu akaona linthumbu panjira. Kutchinjiriza ndi kuika chinthu pakati pa iwe ndi choopsacho, ndipo ndi kumene kwayandikira kwambiri liwu lachigirikili. Kunena zoona, ife tikadakonda kuti wolemba m'kabuku azingolemba kuti "mankhwala oteteza", chifukwa kabukuko ndi ka mwiniwake, si ka dokotala.

Bakitirimu dzina lake lachipatala ndi cotrimoxazole, ndipo m'piritsi limodzi muli mankhwala awiri. Wamkulu amamwa mamiligalamu 960 patsiku. Amaperekedwa motere kwa anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chingathe kutsika, kawirikawiri amene ali ndi HIV, kuti awatchinjirize ku chibayo, matenda ena otsegula m'mimba ndi malungo. Chifukwa chenicheni chimene anawapatsira alongo anu angakuuzeni ndi eni ake akafuna, ife tisawalowere m'kabuku.

Zimene zimalakwika ndi ziwiri. Ena amasiya kumwa poti thupi lili bwino, kuiwala kuti lili bwino chifukwa cha mlonda yemweyo. Piritsi ndi mlonda waganyu, amalondera tsiku limene walipidwa basi, ndipo mankhwalawo akatha m'magazi pakhomo pamatsala pululu. Ena amagawirako abale akamva chimfine, mapeto ake botolo limatha tsiku lokatenga ena lisanakwane, komanso tizirombo timazolowera mankhwalawo. Koma chilipo chimene chiyenera kumuimitsa munthu kumwa pompopompo: totupa pakhungu tobwera limodzi ndi zilonda m'kamwa, maso ofiira kapena khungu losupuka. Zikatero asamwenso piritsi lina, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Liwu loti prophylaxis lili ndi mbale wake amene mwina munamumvapo, anaphylaxis. Mu 1902 akatswiri awiri a ku France, Charles Richet ndi Paul Portier, ankabaya agalu poizoni pang'ono wa tinyama ta m'nyanja yamchere poganiza kuti awapatsa chitetezo. M'malo mwake, galu wina atabayidwa kachiwiri anabanika n'kufa nthawi yochepa. Iwo anapeka dzinalo kutanthauza kuti chitetezo chatembenuka. Zimenezi sizichitikachitika, koma ndi chifukwa chake namwino amakukhazikani pabenchi mphindi 15 mukabayitsa katemera, kuti ngati wina wayamba kubanika kapena kutupa nkhope abayidwe mankhwala omutsitsimutsa otchedwa adrenaline nthawi yomweyo.

FUNSO: Ine ndinabadwa nthawi ya atsamunda ndipo paphewa panga pali chipsera chachikulu cha katemera wa nthomba. Adzukulu anga akunditsutsa, akuti liwu loti katemera tinangomasulira kuchokera ku "vaccine". Ine ndikuti ndi Chichewa chathu. Tiweruzeni.
Agogo aamuna, Linga, Nkhotakota

YANKHO: Agogo, mlanduwu wakukomerani. Katemera ndi Chichewa chenicheni, ndipo tanthauzo lake silikhudzana n'komwe ndi la liwu lachingerezilo. Tsinde lake ndi kutema. Sing'anga amatema mphini n'kupakamo mankhwala, ndipo wochitiridwayo timati amutemera. Pa kutemera ndi pamene panabadwa katemera, monga momwe kufumbata kunabalira kafumbata, matenda oumitsa thupi aja, ndipo kuodzera kunabala kaodzera. Ka- ameneyu si wochepetsa ngati wa kamwana kapena kambuzi. Adzukuluwo akakanirira, afunseni chifukwa chake timati katemera wa chikuku osati katemera ka chikuku, ndipo akachuluka timati akatemera osati titemera.

Dzinali linamukwana bwino katemera wa nthomba amene munalandira inuyo. Sankabaya mozama ngati jakisoni wa masiku ano. Ankadontheza mankhwala pakhungu n'kukanda ndi kachitsulo kosongoka, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunabwera singano ya mphanda imene ankaiviika m'botolo n'kujompha nayo paphewa ka 15. Pamalopo pankatuluka thuza, lichite mafinya, liume, nkhanambo igwe, patsale chipsera ngati chanucho. Munthu wa kumudzi woona zimenezi sakanasowa dzina, kunali kutemera basi.

Liwu loti vaccine lokha linachokera kukhola. M'Chilatini vacca ndi ng'ombe yaikazi. Ku England anthu ankaona kuti okama ng'ombe amene atenga zilonda za kumawere a ng'ombe, nthenda yosaopsa, nthomba inkawalambalala. Pa 14 Meyi 1796 dokotala wina wa ku Berkeley, Edward Jenner, anatenga mafinya pa chilonda choterocho padzanja la mtsikana wokama n'kuwapaka m'timabala timene anacheka pamkono wa mnyamata wa zaka 8. Patapita masabata angapo anamutemera nthomba yeniyeni ndipo mnyamatayo sanadwale. Masiku ano palibe boma lingalole kuyesera mwana motero. Jenner nthenda ya ng'ombeyo anailemba m'Chilatini kuti variolae vaccinae, nthomba ya ng'ombe. Mu 1881 katswiri wa ku France Louis Pasteur anapempha kuti pomulemekeza Jenner dzinali ligwire ntchito pa akatemera onse, ngakhale amene sakhudzana ndi ng'ombe.

Komatu nzeru yotemera nthomba inalipo ku Africa kuno Jenner asanabadwe. Munthu wina wa ku Africa amene anagulitsidwa ukapolo ku Boston, ku America, ndipo kumeneko anamupatsa dzina loti Onesimus, ndi amene anafotokozera mbusa Cotton Mather kuti kwawo amatenga mafinya a wodwala nthomba n'kutemera wamoyo. Mliri utagwa mu 1721 anayesa njirayi. Mwa anthu oposa 240 amene anatemeredwa anafa 6, pamene mwa amene nthomba inawagwira yokha ankafa mmodzi mwa 7 alionse. Vuto linali loti wotemeredwayo ankadwala nthomba yeniyeni ndipo ankatha kupatsira ena. Njira ya Jenner ya nthenda ya ng'ombe ija ndi imene inachotsa ngoziyo. Wodwala womaliza kutenga nthomba mwachilengedwe anapezeka ku Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 bungwe la WHO linalengeza kuti nthomba yatha padziko lonse.

Kachipsera kamene adzukulu anu ali nako si ka nthomba, ndi ka BCG, katemera wa chifuwa chachikulu amene anayamba kuperekedwa mu 1921. Ng'ombe ilimonso, chifukwa akatswiri a ku France, Calmette ndi Guérin, anamupanga pofooketsa kachirombo ka chifuwa cha ng'ombe. Khanda limabayidwa kadontho ka 0.05 ml m'kati mwa khungu lenilenilo. Pakatha masabata awiri kapena atatu pamatuluka kotupa, kamaphulika, kenaka kamapola kokha m'miyezi iwiri kapena itatu. Osafinya, osapakapo mafuta, phulusa kapena mankhwala a zitsamba.

Katemera amasiyana ndi piritsi lija tatchula pamwambapa. Iye salondera yekha, amaphunzitsa asilikali a m'thupi kuzindikira nkhope ya mdani, ndiye ntchito imatsalira iwowo. Kuphunzirako kumatenga pafupifupi masabata awiri, ndipo maphunziro ena amafuna kubwereza. N'chifukwa chake mwana amapita kusikelo pa masabata 6, 10 ndi 14, ndipo wa chikuku amalandira pa miyezi 9 ndi kubwereza pa miyezi 15. Mwana akadumpha tsiku sayambiranso poyamba, amangopitiriza pamene analekezera. Akatemera ambiri amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo botolo la BCG kapena la chikuku likasungunulidwa limatayidwa pakatha maola 6. Ndiye alangizi a zaumoyo akakuuzani kuti mubwere tsiku lakuti, si ulesi, akufuna ana akwane botolo lisanatsekulidwe.

Ubale wa katemera ndi mphini umathera pa dzina. Lezala limodzi lotemera anthu angapo limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, ndipo dothi kapena phulusa lolowa m'bala limabweretsa kafumbata.

FUNSO: Kudoko kuno timamva za PrEP ndi PEP. Ena akuti ndi chimodzimodzi, ena akuti ukamwa piritsi limodzi madzulo omwewo basi watetezeka. Zoona ndi ziti?
Msodzi, Senga Bay, Salima

YANKHO: Achimwene, P womaliza m'mayina onse awiri ndi prophylaxis yemwe uja. Kusiyana kuli kumayambiriro. Pre ndiye kuti usanakumane ndi kachirombo, post ndiye kuti utakumana nako kale.

PrEP ndi wa munthu amene alibe HIV koma moyo wake umamuika pangozi kawirikawiri. Amayamba wayezetsa magazi, kenaka amamwa piritsi limodzi tsiku lililonse. Mankhwalawo amafunika masiku 7 kuti akwane m'thupi, choncho za piritsi limodzi lamadzulo omwewo zija musazidalire. Mukafuna kusiya, pitirizani masiku ena 7 kuchokera tsiku limene munagonana komaliza mosadziteteza. Kuyezetsa kumabwerezedwa miyezi itatu iliyonse, ndipo chifukwa chake n'chachikulu: mu PrEP muli mankhwala awiri okha, pamene wodwala HIV amafunika atatu. Munthu amene watenga kachirombo osadziwa n'kumamwabe awiriwo amakazoloweretsa mankhwala, ndipo ma ARV amadzavuta kumuthandiza. Wopita kukagona ku zilumba kapena kutsata usipa kutali awerengeretu mapiritsi asanakwere bwato. Uliponso jakisoni wa PrEP wotchedwa cabotegravir, wobayitsa miyezi iwiri iliyonse, funsani ngati wafika pachipatala chanu.

PEP ndi wangozi: kondomu yaphulika, munthu wagwiriridwa, namwino wadzibaya ndi singano. Mungadabwe kuti mlonda abwera bwanji mbala italowa kale. Yankho ndi lakuti yalowa mumpanda koma sinafike m'nyumba. Masiku awiri kapena atatu oyambirira kachiromboko kamakhala kakuswana pamalo pomwe kalowera, kasanakhazikike m'thupi lonse. N'chifukwa chake malire ndi maola 72, ndipo maola oyambirirawo ndi amene ali ndi phindu lalikulu. Zikachitika Lachisanu usiku musadikire Lolemba, pitani ku chipatala chimene chimatsekula usiku. Wogwiriridwa ayambe walandira PEP, za kupolisi zisamuchedwetse, ndipo ngati ndi mayi apemphenso mapiritsi oletsa mimba yangozi. PEP amamwa tsiku lililonse masiku osachepera 28, ndipo akakupatsani botolo la mwezi limalizeni. Ena amasiyira panjira chifukwa cha nseru kapena mutu, zomwe zimatha zokha. Pakatha miyezi itatu kayezetseninso.

Onse awiri satchinjiriza chinzonono, chindoko kapena mimba.

FUNSO: Ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Kusikelo amandimwetsa Fansidar ngakhale ndilibe malungo, chonsecho anatiuza kale kuti Fansidar anasiya kuchiza. Mnzanga amene timayendera limodzi samupatsa. Kodi pali kukondera?
Mayi woyembekezera, Dwangwa, Nkhotakota

YANKHO: Palibe kukondera, mayi. Zoonadi Fansidar, amene m'kabuku amalemba SP, analowa m'malo mwa chloroquine mu 1993, ndipo mu 2007 naye anasiyira LA ntchito yochiza chifukwa tizirombo tinamuzolowera. Koma poteteza mayi woyembekezera akugwirabe ntchito, chifukwa amakhalitsa m'magazi masabata angapo.

Vuto la malungo a pakati ndi loti amabisala. Tizirombo timakamatirira mu nsengwa, mayi osamva kutentha thupi, mwina ngakhale poyeza chala osapezeka, koma magazi akuchepa ndipo mwana akulandira chakudya chochepa n'kudzabadwa wosakwana sikelo. Muyeso wake ndi mapiritsi atatu nthawi imodzi, kumwera pamaso pa namwino, kuyambira sabata ya 13. Amabwereza pakatha mwezi, osachepera katatu mimba isanathe. Miyezi itatu yoyambirira saperekedwa. Woyamba sikelo mimba itakula amaluza maulendo ena, ndipo ndi pamene ambiri amaphonyera.

Mayi amene amamwa kale bakitirimu tsiku lililonse sapatsidwa SP, chifukwa ndi mankhwala a banja limodzi, a sulfa, ndipo kuwaphatikiza kumangochulutsa zovuta pomwe bakitirimuyo akumuteteza kale. Amene sulfa amamutulutsa zilonda sapatsidwanso. Folic acid wa mamiligalamu 5 amafooketsa SP, koma wochepa uja wa 0.4 amene amabwera limodzi ndi mapiritsi owonjezera magazi alibe vuto. Masikito musawapachike padenga poti mwamwa SP, ndipo thupi likatentha kayezetseni, musawerengere mapiritsi atatu aja ngati chithandizo.

FUNSO: Mwana wanga analumidwa ndi galu wosadziwika pamwendo. Kabala kake ndi kakang'ono ndipo kakupola. Anthu akuti ndikabayitse katemera wa chiwewe. Katemera angathandize bwanji galu ataluma kale?
Bambo, Chipoka, Salima

YANKHO: Bambo, pitani naye lero, ngakhale papita masiku. Chiwewe ndi nthenda imene katemera amatha kuithamangira n'kuipitirira. Kachirombo kake sikayenda m'magazi, kamakwawa pang'onopang'ono m'mitsempha kulowera ku ubongo, ulendo umene kawirikawiri umatenga mwezi umodzi mpaka itatu. Katemera amadzutsa asilikali a m'thupi m'sabata imodzi kapena iwiri, ndiye amakakadulira kutsogolo. Bala la kumaso, kukhosi kapena kuzala ndi loopsa kwambiri chifukwa njira imafupika kapena mitsempha imachuluka. Pasteur anayamba kupulumutsa munthu motere mu Julayi 1885, mnyamata wa zaka 9. Koma zizindikiro zikangoyamba, kuopa madzi, dovu, kubwebweta, pafupifupi palibe amene amachira. Kupola kwa bala sikutanthauza kanthu.

Tsiku lina zikadzachitikanso, chithandizo choyamba chili pamjigo pomwepo. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, muziwerenge pafoni chifukwa ndi nthawi yaitali kuposa momwe mukuganizira. Osapakapo tsabola, mchere wa m'batire, ubweya wa galuyo kapena zitsamba, ndipo osamanga mothina. Kuchipatala nakonso amapewa kusoka bala lotere msanga. Katemera wobaya mumnofu amaperekedwa tsiku loyamba, patatha masiku 3, patatha 7, ndipo wina pakati pa masiku 14 ndi 28. Amabaya paphewa, kapena pantchafu ngati ndi mwana wamng'ono, osati pathako chifukwa mafuta a pamenepo amamufooketsa. Bala lakuya limafunanso mankhwala a immunoglobulin, amene ndi asilikali olimbana ndi chiwewe okonzedwa kale, obaya m'mbali mwa balalo, ndiponso katemera wa kafumbata. Galu akakhala wodziwika amamangidwa n'kumuyang'anira masiku 10, koma katemera amayambika osadikira masikuwo. Wanuyu poti sakudziwika, mwanayo amalize jakisoni yense, ndipo mukauze alangizi a ziweto.

FUNSO: Ana athu amamwa mapiritsi a likodzo kusukulu chaka ndi chaka, koma likodzo silitha. Kodi amenewa si katemera?
Mlimi wa mpunga, Lifuwu, Salima

YANKHO: Si katemera, bambo, ndipo katemera wa likodzo kulibe. Praziquantel ndi mankhwala ochiza. Amapha nyongolotsi zazikulu zimene zili kale m'mitsempha ya magazi ya kuchikhodzodzo kapena kumatumbo, n'kutuluka m'thupi pasanathe tsiku. Nyongolotsi zanthete zimene zalowa masabata apitawa amazisiya. Mwana akabwerera m'madzi mawa lake angathe kutenganso. Chimene kumwa kwa chaka ndi chaka kumateteza ndi kuwonongeka kwa chikhodzodzo, impso ndi chiwindi, kumene kumabwera mazira akaunjikana zaka zambiri.

Muyeso ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndipo kusukulu amagwiritsa ntchito ndodo yoyezera msinkhu m'malo mwa sikelo. Mwana adye kaye phala kapena nsima, chifukwa pamimba yopanda kanthu amachita chizungulire ndi kusanza. Akuluakulu olowa m'madzi tsiku ndi tsiku, alimi a mpunga, asodzi ndi amayi ochapa kunyanja, nawonso ayenera kumwa, apo ayi iwowo ndi amene amabwezera mazira m'madzi pokodzamo, nkhono n'kuwalandira.

Nkhonozo zimakonda madzi odekha a m'bango, m'ngalande ndi m'minda ya mpunga, ndipo timphutsi ta likodzo timene timakulira m'nkhonomo timatuluka kwambiri dzuwa likakwera, n'kuboola khungu la munthu amene waima m'madzimo. Kunja kwa thupi la munthu sitikhalitsa. Madzi osamba mukawatunga n'kuwasunga mumtsuko masiku awiri, kapena kuwatenthetsa mpaka awire n'kuwasiya azizire, mwana atha kusamba. M'munda valani majombo a mphira, ndipo chimbudzi chikumbidwe kumtunda, kutali ndi ngalande.